László Papp, Wankhonya Amene Boma Linamumana Lamba

László Papp anabadwira mumzinda wa Budapest mu 1926, ndipo kwawo ku Hungary ana ndi akulu omwe ankangomutchula kuti Papp Laci, ngati mwana wapakhomo. Anali wamfupi, wa tindevu tapamlomo, komanso wamanzere. Wankhonya wamanzere amavuta chifukwa amaima mosemphana ndi anzake: phazi lamanja kutsogolo, chibakera chakumanzere atachisunga kumbuyo. Mdani amene anazolowera kutchinga mbali imodzi amangozindukira chamupeza kuchibwano kuchokera mbali inayo.

Mbiri yake inayambira pa masewera a Olympic. Anapata mendulo ya golide ku London mu 1948, n'kubwerezanso ku Helsinki mu 1952, kumene pomaliza anagonjetsa Theunis van Schalkwyk wa ku South Africa. Koma imene inakhudza mitima ya anthu ndi ya ku Melbourne mu 1956. Panali patangopita milungu yochepa akasinja a Soviet Union atalowa mu Budapest n'kuthetsa kuukira kwa anthu, maliro ali mbwee. Papp, ali ndi zaka 30, anaposa José Torres wa timu ya America, mnyamata amene pambuyo pake anadzatenga lamba wa dziko lonse lapansi. Apa Papp anakhala wankhonya woyamba kupata golide katatu motsatizana. Mpaka lero amene anafanana naye ndi awiri okha, Teófilo Stevenson ndi Félix Savón, onse a ku Cuba.

Chachilendo chinachitika mu 1957. Boma lachikomyunizimu silinkalola nkhonya zolandira ndalama, komabe linamulola kuti azikamenyera kunja, makamaka ku Vienna m'dziko la Austria. Anayamba mochedwa, ndipo mafupa a m'manja ankamuthyokathyoka, koma mu 1962 analanda lamba wa ku Ulaya kwa Chris Christensen wa ku Denmark, n'kumuteteza maulendo 6.

Kumapeto kwa 1964 kunatsala chinthu chimodzi basi: kukumana ndi Joey Giardello, mwini lamba wa dziko lonse. Boma linamulanda pasipoti, ponena kuti kumenyana pofuna ndalama sikugwirizana ndi mfundo zake. Chifukwa chimenechi n'chosamveka, poti boma lomwelo linakhala chete zaka zonse zija iye akubweretsa ulemu kwawo. Anasiya nkhonya atapambana maulendo 27, kufanana mphamvu kawiri, osagonjapo n'kamodzi komwe.

Kodi akanamugonjetsa Giardello? Anali ndi zaka 38 ndiponso manja otha, choncho mwina akanalephera. Koma poti mpikisanowo sunachitike, anthu akwawo anapitiriza kukhulupirira kuti analandidwa lamba amene anali wake kale, ndipo chikondi chawo pa iye chinangokulirakulira. Anakhalabe ku Hungary n'kuphunzitsa timu ya dziko lake kwa zaka zambiri. Mu 1989 bungwe loyendetsa nkhonya la WBC linamupatsa lamba waulemu. Anamwalira mu 2003, ndipo nyumba yaikulu ya zamasewera ya mu Budapest anaitcha dzina lake, Papp László Budapest Sportaréna.