Chifukwa chake "tell me" ndi cholondola koma "explain me" ndi cholakwika

M'maofesi, m'makalasi ngakhalenso pa WhatsApp, si zachilendo kumva munthu wophunzira bwino akunena kuti "Explain me this issue" kapena "Suggest me a good school". Womvera amamvetsa ndithu zomwe zikunenedwa, koma mphunzitsi wochonga mayeso a Chingerezi a MSCE akhoza kudula mzere wofiira pansi pa ziganizo zonse ziwirizi. Chozunguza mutu n'chakuti "Tell me the story" ndi "Show me a good school", zomwe zaumbidwa chimodzimodzi, ndi zolondola.

Nkhani yagona pa aneni omwe amatsatidwa ndi apamtherankhani awiri: wolandira ndi chinthu cholandiridwacho. Chingerezi chili ndi njira ziwiri zowayalira. Yoyamba imatsogoza wolandira popanda mperekezi, monga "The teacher gave the pupil a book". Yachiwiri imatsogoza chinthu, ndipo wolandira amadza pambuyo pa "to" kapena "for", monga "The teacher gave a book to the pupil". Chichewa nachonso chimatero: "Anatumizira mfumu kalata" ndi "Anatumiza kalata kwa mfumu" ndi nkhani imodzi.

Aneni monga "give", "send", "lend", "show", "tell", "teach", "bring" ndi "sell" amalola njira zonse ziwiri, ndipo mperekezi wawo ndi "to". Aneni monga "buy", "cook", "make", "build" ndi "find" amalolanso zonse ziwiri, koma amayenda ndi "for". Mpaka apa palibe chovuta.

Vuto limayamba chifukwa Chichewa ndi chowolowa manja kuposa Chingerezi pankhaniyi. Kudzera mu msintho womchitira, pafupifupi mneni aliyense akhoza kulandira munthu wochitiridwa pongophatikiza -ir- kapena -er-. "Fotokoza" amasanduka "fotokozera", "tsegula" amasanduka "tsegulira", "chapa" amasanduka "chapira". Choncho yemwe anakula akunena kuti "ndifotokozereni nkhaniyi" ndi "nditsegulireni chitseko" saona chifukwa chokayikira "explain me the issue" ndi "open me the door". Sikuti iye ndi mbuli ayi. Wangotenga lamulo labwinobwino la chiyankhulo chake n'kuligwiritsa ntchito komwe silifika.

M'Chingerezi njira yopanda mperekezi imafuna kuti wotchulidwa koyambayo akhale wolandira weniweni, yemwe chinthucho chithere m'manja mwake, kapena m'mutu mwake ngati uli uthenga. N'chifukwa chake "Open me a bottle" amamveka bwino, pakuti botolo lotsegulidwalo likhala la wopemphayo, pomwe "Open me the door" samveka, pakuti chitseko chimatsala pomwe chinali. Woyenera ndi "Open the door for me". Chimodzimodzinso, mayi akhoza kuphikira ana ndi kunena kuti "I cooked the children porridge", koma akawachapira malaya anena kuti "I washed the shirts for the children". Lamulo lomweli limaletsa kuika dzina la malo pa mpando wa wolandira. "She sent the parcel to Blantyre" ali bwino, koma "She sent Blantyre the parcel" angamveke pokhapokha ngati dzina la mzindawo likuimira anthu a ku ofesi ya kumeneko.

Komabe lamulo la kulandira silikwanira kulongosola za "explain". Wofotokozeredwa amalandira uthenga ngati mmene amalandirira wouzidwa. Apa yankho lili m'mbiri ya chiyankhulochi. Chingerezi chakale chinkasonyeza wolandira posintha mathero a dzina, ndipo aneni a makolo monga "give", "tell", "send" ndi "show" anazolowera kuyenda opanda mperekezi. William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, mawu ambirimbiri a Chifalansa ndi Chilatini analowa m'Chingerezi m'zaka mazana angapo zotsatira. Chifalansa chimaika mperekezi patsogolo pa dzina la wolandira, ndipo aneni ambiri obwerawo amakana njira yopanda mperekezi mpaka lero.

Ndiye pali aneni ofanana tanthauzo koma osiyana khalidwe. Munthu akhoza kunena kuti "give the school money", koma ndi "donate" ayenera kunena kuti "donate money to the school". "Tell" amalola, "explain", "announce" ndi "report" amakana. "Show" amalola, "demonstrate" amakana. "Build" amalola, "construct" amakana. Steven Pinker, m'buku lake la Learnability and Cognition la mu 1989, anasonyeza kuti mwana wophunzira Chingerezi sadziwa mbiri yonseyi, koma khutu lake limazolowera kamvekedwe: aneni olola amakhala aafupi, kawirikawiri a phatikizo limodzi, kapena otsindikidwa koyambirira. Izi zimaonekanso pa aneni atsopano. Palibe anakhala pansi kulamula, koma "Text me the number" ndi "Email me the report" zinangolowa m'chiyankhulo popanda wotsutsa.

Lamuloli ndi longothandiza, si lodalirika kotheratu. "Pay", "offer", "promise" ndi "award" magwero awo ndi Chifalansa kapena Chilatini, komabe amalola njira zonse ziwiri. "Say" ndi mneni wamfupi wa makolo, koma "Say me the truth" ndi cholakwika. Pamenepo pamafunika "tell". Pa aneni otere, mtanthauziramawu wabwino wa ophunzira, yemwe amasonyeza kayalidwe ka mawu pambuyo pa mneni aliyense, amaposa lamulo lililonse loloweza.

Palinso kagulu ka aneni omwe amakana mperekezi. "The trip cost him a fortune" ndi "The court fined the driver K50,000" sangatembenuzidwe kukhala ndi "to". Mwa aneniwa munthu akutaya, sakulandira, ndipo Chichewa chili ndi ofanana nawo monga "kumana mwana chakudya" ndi "kulanda munthu katundu".

Nanga pomwe njira zonse ziwiri zili zololedwa, woyankhula amasankha bwanji? Joan Bresnan wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake anafufuza funsoli pounika macheza a pafoni a anthu a ku America, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Iwo anapeza kuti chisankhochi sichichitika mwachisawawa. Mlowam'malo, mawu aafupi ndi chinthu chomwe chatchulidwa kale zimakonda kutsogola, pomwe mawu aatali ndi nkhani yatsopano zimapita kumapeto. Choncho "Give me the file you were working on yesterday" amayenda bwino, ndipo chinthu chikakhala "it" anthu ambiri amati "Give it to the manager", osati "Give the manager it". M'madera ena a kumpoto ndi pakati pa England mumamveka "Give it me", koma zimenezo ndi za pocheza, si za m'kalata yofunsira ntchito.

N'zochititsa chidwi kuti Chichewa chili ndi dzina lalikulu pakati pa akatswiri ofufuza za apamtherankhani awiri. Bresnan yemweyo, pamodzi ndi Lioba Moshi, anafanizira Chichewa ndi Chichaga cha ku Tanzania mu 1990, ndipo Sam Mchombo, Mmalawi yemwe waphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya California ku Berkeley, anazukuta nkhaniyi m'buku lake la The Syntax of Chichewa la mu 2004. Chomwe anaona n'chakuti m'Chichewa wochitiridwa ndiye ali ndi mphamvu: amakhala pafupi ndi mneni, ndipo ndiye amasanduka mwininkhani mu msintho wochitidwa. Timati "Ana anaphikiridwa nsima", osati "Nsima inaphikiridwa ana". Apa Chichewa chikuthandiza wophunzira, chifukwa "The pupil was given a book" akufanana ndendende ndi "Wophunzira anapatsidwa buku". Kungoti m'Chingerezi chinthu chikatsogola, mperekezi amabwerera: "A book was given to the pupil".

Cholakwa chotchuka kuposa zonse, "Borrow me your pen", gwero lake ndi lina. M'Chichewa "kubwereka" amagwira mbali zonse ziwiri: "ndabwereka cholembera kwa mnzanga" komanso "ndibwerekeni cholembera". Chingerezi chimagawa ntchitoyi pawiri. Wopereka amachita "lend", ndipo mneniyu amalola "Lend me your pen" ndi "Lend your pen to me". Wotenga amachita "borrow", yemwe amayenda ndi "from", monga "May I borrow a pen from you?" Choncho wopita kubanki kukapempha ngongole ndiye akuchita "borrow", ndipo banki ikavomera ndiyo ichite "lend".