ESQUIRE: Mau Aulemu Amene Anayamba ndi Wonyamula Cikopa

Makalaliki amene anagwira nchito m'maofesi a ku Salisbury, Lusaka ndi Blantyre m'masiku a Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, anali kuona zilembo zitatu izi, Esq., pambuyo pa maina a Azungu pa makalata. Zilembozi ndizo cidule ca mau a Cingelezi akuti Esquire.

Mauwa anafika ku Mangalande kucokera ku Cifalansa cakale, ndipo muzu wace ndiwo mau a Cilatini akuti scutarius, ndiko kunena wonyamula cikopa. Kale ku Ulaya mnyamata wa banja lomveka, pofika zaka ngati 14, anali kutumikira msilikari wa pa kavalo wochedwa knight. Nchito yace inali kusamala kavalo, kupukuta zida ndi kunyamula cikopa ca mbuye wace ponka kunkhondo. Akaonetsa kulimba mtima, iyenso anali kukwezedwa kukhala knight pa zaka ngati 21.

Nkhondo za zikopa zitatha, mauwa sanafe ai, koma anasanduka dzina la ulemu la anthu a pansi pang'ono pa knight. William Blackstone, katswiri wa malamulo, anachula m'buku lace la 1765 anthu oyenera dzinali, monga ana acisamba a ma-knight ndi oweruza milandu ing'onoing'ono m'maboma. Pang'ono ndi pang'ono mpanda uwu unagwa, kotero kuti pofika zaka za m'ma 1900 mabanki ndi masitolo anali kulemba Esq. kwa mwamuna ali yense wooneka bwino. Lamulo lace linali limodzi: wolemba Esq. pambuyo pa dzina asalembenso Mr. patsogolo pace.

Koma ulemu umene unali wochipa ku London unali wosowa kwa munthu wakuda m'maiko a Citaganya. Bambo wa ana ace, waimvi kumutu, anali kuitanidwa "boy" ndi Azungu ambiri pa nchito. Mau ena otanthauza mnyamata wotumikira anali kukweza Mzungu, pamene ena otanthauza mnyamata yemweyo anali kucepsa Mwafirika.

Lero ku Mangalande mau akuti Esquire aoneka kamodzikamodzi. Ku Amereka ndiko akali ndi moyo, pakuti maloya, amuna ndi akazi omwe, amawalemba pambuyo pa maina ao.