KUYESERERA MLIRI USANAFIKE

Mliri uli ngati moto wa m'chire: ukazimidwa uli kuyamba, sufika pa nkhokwe. Cifukwa ca ici Boma lifuna kudziwa ngati anchito a zaumoyo angathe kuuzindikira msanga. Njira imodzi yodziwira ndiyo kuyeserera mliri wabodza.

Kuyeserera kucitika motere. Akulu a zaumoyo apangana ndi munthu wosadwala kuti apite ku cipatala, monga ca ku Mponela, akanene kuti ali kusanza ndi kutsegula m'mimba. Pambuyo pace afika enanso awiri a mudzi womwewo, nadandaula zomwezo. Pamenepo akuluwo alemba zonse. Kodi namwino waona kuti atatuwa acokera pamodzi? Wadziwitsa ofesi ya zaumoyo pa boma la Dowa nthawi yanji? Cimbudzi ca odwala cafika liti kokapimidwa? Pamene papezeka kucedwa, pomwepo ndipo pokonza.

Muyeso umene akatswiri anaupereka m'caka ca 2021 uli wotere: mliri uzindikirike pasanathe masiku 7, akulu auzidwe pa tsiku limodzi, ndipo nchito zoyamba zolimbana nao zitsirizike pa masiku 7 otsatira.

M'caka ca 2019, pamene Ebola inali kupha anthu ku Congo, Boma linacita kuyeserera kotere ku Karonga ndi ku Chitipa, kumalire a kumpoto. Kufunika kwace kunaoneka posacedwa. Mwana wina wa ku Lilongwe anapuwala mu November 2021, koma zinatsimikizika mu February 2022 kuti inali poliyo. Kolera inayamba mu March 2022, nifalikira m'dziko lonse, ndipo pofika pakati pa 2023 inali itapha anthu oposa 1,700.

Dowa ali pa mseu waukulu wopita kumpoto, ndipo m'misika yace mufika anthu a ku Ntchisi ndi a kutali. Nthenda ingafike ndi mlendo ali yense.

Komabe cipatala cimangoona amene afikako. Mfumu ikaona maliro otsatana, kapena mphunzitsi akaona ana ambiri a mudzi umodzi ajomba cifukwa ca kudwala, auze mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo. Asayembekeze kuti atsimikize ai. Kupima ndi nchito ya cipatala; nchito ya mudzi ndi kunena msanga.