N'chifukwa chiyani ena amatola zigoba za zipolopolo?

Ana anga, bwerani pafupi. Ku America kuli mabwalo kumene akuluakulu amapikisana powombera chandamale. Akamaliza, ena amawerama n'kumatola tizitsulo tachikasu timene tagwa pansi. Kodi n'tachiyani? Timeneti ndi zigoba za zipolopolo. Mfuti ikalira, wonga umapsa ndipo mutu wa chipolopolo umauluka. Chigoba chokha ndicho chimatsala. Mwini wake amapita nacho kunyumba, kukachitsuka ndi kuchidzazanso.

Nanga chigobacho sichiwonongeka ndi moto? Ayi, n'cholimba zedi. Chimapangidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki. Pa magawo 10 alionse, 7 ndi mkuwa, 3 ndi zinki. Mfuti ikalira chimafufuma pang'ono, koma akachipana ndi chida chake chimabwerera mwakale. Amachigwiritsa ntchito kangapo. Chikayamba kung'aluka, basi, amachisiya.

Akuvutikiranji, pomwe zipolopolo zatsopano zili m'sitolo? Poyamba ndi nkhani ya ndalama. Kawirikawiri chigoba ndicho chimadula kuposa zina zonse za pa chipolopolo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu ali ndi zigoba 100. Chilichonse wawombera nacho kasanu. Wawombera kangati? Mwapeza 500? Mwakhoza! Komatu zigoba anagula kamodzi kokha. Mu 1958, bambo wina wa ku Wisconsin, dzina lake Richard Lee, anapanga kabokosi ka zida zotsika mtengo zodzazira zipolopolo. Anthu ambiri anayambira pamenepo.

Kodi ndalama ndizo zokhazo? Ayi, ndipo apa ndi pamene pamandisangalatsa ine. Mukuwadziwa anyamata amene amaumba timiyala ta dongo ta legeni? Wodziwa ntchito yake amaumba tofanana, tozungulira bwino, chifukwa tofanana timaulukanso mofanana. Akatswiri owombera chandamale nawonso amafuna zomwezo. Amafuna chipolopolo chachiwiri chikhale ndendende ngati choyamba, chachitatu ngati chachiwiri. Ku fakitale makina amapanga zambirimbiri mothamanga. Koma munthu wa kunyumba sathamanga. Amapanga chimodzichimodzi, akuyeza chilichonse pa sikelo.

Ndipo amayeza ndi chiyani? Kilogalamu ndi yaikulu kwambiri. Ngakhale galamu imakulanso! Iwo amagwiritsa ntchito muyeso wakalekale wotchedwa gireni, umene unachokera pa kulemera kwa njere imodzi ya balere. Magireni 15 ndiwo amayandikira galamu imodzi. Tangoganizani, sikelo yomva njere imodzi! Ndipo ambiri amayeza mpaka kagawo kamodzi mwa magawo 10 a njereyo. Mukayetsemula pafupi, sikelo imagwedezeka.

Kodi kusamala konseku kumapindula? Tulukani panja muyende mapazi akuluakulu 100. Chewukani. Kutali, eti? Pali mpikisano wotchedwa benchrest, umene chandamale chimakhala patali ngati pamenepo, mamita oposa 90 pang'ono. Katswiri amakhala pa mpando, mfuti ili pa tebulo, n'kuwombera kasanu. Akapita kukayang'ana pepala, nthawi zina amapeza kabowo kamodzi kokha. Zipolopolo zisanu zonse zalowa malo amodzi! Mfuti iliyonse ili ndi zipolopolo zimene imagwirizana nazo, ndiye katswiri amasunga kabuku kolembamo zonse zimene wayesa.

Nanga amene ali ndi mfuti yakale ya agogo ake? Mwina mafakitale analeka kupanga zipolopolo zake. Akafuna kuti ilirenso, ayenera kudzipangira yekha. Alenje a njati za ku America m'zaka za m'ma 1870 ankateronso, popeza ankakhala m'tchire kutali ndi masitolo. Ndipo mu 2020, zipolopolo zitasowa m'masitolo a ku America, anthu enanso ambiri anafuna kuphunzira ntchitoyi.

Kodi mwana angayese? Iyayi, ana anga, ngakhale pang'ono! Wonga ndi woopsa. Ntchitoyi ndi ya akuluakulu amene anaiphunzira bwino. Amavala magalasi oteteza maso, ndipo amatsata buku popanda kulumpha mzere. Inu mukapeza chipolopolo kumunda kapena m'njira, musachigwire, musachimenye, musachiponye pamoto. Thamangani mukauze munthu wamkulu, iye akadziwitse apolisi.

Ndiye inu mungayese chiyani? Pezani zitsekerero za mabotolo 10 zofanana. Pezaninso zinthu 10 zosiyanasiyana: chisononkho, kamtengo, nthochi yosapsa, mpira wa mapepala, zilizonse. Ikani beseni patali mapazi asanu. Ponyani zitsekerero chimodzichimodzi, mukuwerenga zolowa m'beseni. Kenako ponyani zosiyanasiyanazo. Lembani zonse m'kope, monga amachitira akatswiri aja. Bwerezani katatu, ndipo muitane mnzanu nayenso aponye. Ndi gulu liti limene lalowa kwambiri?