N'chifukwa chiyani utoto umakana kumata pa mpando wachikopa wa galimoto?

Amene ndimakuphunzitsani fizikisi mukuidziwa kale galimoto ija, poti mumaiseka ikamalowa pageti la sukulu. Kwa ena nonse, ndi Mercedes-Benz ya 1982, ya mtundu umene okonda magalimoto akale amautcha W123. Eni ake ndi amalume anga. Inakhala zaka zingapo pansi pa mtengo wa mango osayenda, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake, mpaka tsiku lina amalumewo anati, "Mphwanga, si umati umadziwa sayansi iwe? Itenge ukaidzutse." Kuyambira pamenepo Loweruka langa limathera m'magirisi.

Injini tinalimbana nayo ndi makaniko wina mpaka inalira. Vuto linatsala m'kati. Mipando yake ndi yachikopa, koma inali itasuluka ndi kung'aluka ngati dothi la kudambo mu Okutobala. Ndiye mchemwali wanga anapempha kuti adzakwere galimoto imeneyi pa tsiku la ukwati wake, chifukwa ndi yomwe inanyamulanso mayi athu pa ukwati wawo. Kunali kutatsala milungu isanu.

Nzeru zinandibwerera mwachangu: mpando ndi chikopa, nsapato ndi chikopanso. Ndinagula polishi wabulauni n'kupaka mpando wonse wakumbuyo. Unawala mochititsa kaso. Masana a tsiku lotsatira ndinakhalapo nditavala thalauza la khaki, ndipo nditatsika ana a aneba anayamba kundiloza kumbuyo akufa ndi phwete. Tangoganizani likanakhala diresi loyera la mkwatibwi.

Manyazi amenewo anandibweza ku zomwe ndimakuphunzitsani. Phunziro lake lalikulu ndi ili: utoto sungamate pa chinthu chimene sunachikhudze, ndipo kukhudzana kwenikweni kumachitika pa mlingo wa mamolekyu, kumene maso athu safika.

Mtundu wa mpando suli m'chikopa

Chikopa ndi ulusi wa puloteni yotchedwa collagen, wolukanalukana kwambiri. Chikopa chaching'ombe mukangochisiya chimawola, kapena chimauma gwa ngati cha pang'oma. Kuti chikhale chofewa ndi cholimba amachifufuta. Mafakitale ambiri amafufuta ndi mchere wa chromium, umene umalumikiza ulusi uja kuti usawole. Kenako amalowetsamo mafuta kuti ulusiwo uzitsetsereka pa unzake chikopa chikamapindika.

Chikopa cha mipando ya magalimoto ambiri chimakutidwanso pamwamba ndi kakhungu kopyapyala ka pulasitiki wofewa, wa acrylic kapena polyurethane, wosakaniza ndi ufa wa mtundu. Mtundu umene mumauona uli m'kakhungu kameneka. Choncho zimene anthu amati "kudaya mipando" kwenikweni ndi kupaka kakhungu katsopano kamene kayenera kugwira pa kakale ndi kupindika nako limodzi.

Musanayambe chilichonse, suzumirani kunsi kwa mpando muone kuseri kwa chokutiracho. Chikopa chenicheni chimakhala ndi timanyunyu kuseri, pomwe chachinyengo chimakhala ndi nsalu. Magalimoto ambiri a W123 anatuluka ndi pulasitiki wofanana ndi chikopa wotchedwa MB-Tex. Ya amalume inapezeka kuti ndi yachikopa ndithu.

Chinasulutsa mpando ndi chiyani?

Ndi dzuwa, koma linagwira ntchito m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi cheza cha ultraviolet. Kuwala kumene maso athu amaona kuli ndi mafunde otalika kuyambira pafupifupi mananomita 400 mpaka 700. Nanomita imodzi mungaipeze mutagawa milimita imodzi m'magawo 1,000,000. Ultraviolet ili ndi mafunde aafupi kuposa 400, ndipo maso saiona. Anaitulukira ndi Johann Wilhelm Ritter wa ku Germany mu 1801. Kuwala kumafika m'timitolo ta mphamvu totchedwa mafotoni, ndipo mphamvu ya fotoni imodzi ndi E = hf, kutanthauza kuti frequency ikakwera mphamvunso imakwera. Fotoni ya ultraviolet ili ndi mphamvu yoyandikira imene imamanga maatomu pamodzi m'mamolekyu a pulasitiki ndi a utoto, choncho ikhoza kuwadula.

Mukamagenda mango, mchenga wodzaza dzanja sugwetsa kanthu, koma mwala umodzi wolemera bwino umathothola. Mafotoni a kuwala kofiira ali ngati mchenga uja, a ultraviolet ndiwo mwala. Molekyu ya mtundu ikaduka siyamwanso kuwala monga kale, ndiye mtundu umasuluka. Molekyu ya pulasitiki ikaduka, kakhungu kaja kamayamba kuphwanyika.

Mwina mukuti, nanga magalasi sateteza? Amateteza pang'ono. Galasi wamba limatchinga gawo lalikulu la UVB koma limalola UVA wambiri kudutsa. Galasi lakutsogolo kwa galimoto lili ndi pulasitiki pakati pa magalasi awiri, ndipo limatchinga UVA bwino kuposa a m'mbali ndi lakumbuyo. Pa galimoto yathu, malo amene anasuluka kwambiri anali pamwamba pa chotsamira chakumbuyo ndi m'mbali moyang'anizana ndi mawindo.

Njira yachiwiri ndi kutentha. Kuwala kumalowa pagalasi, mipando imakuyamwa n'kutentha. Mipandoyo imabweza mphamvuyi ngati infrared, imene sidutsa galasi mosavuta, komanso mpweya wotentha ulibe potulukira. Mpweya wa m'galimoto yotsekedwa padzuwa ukhoza kupitirira 60 °C. Kutentha kotereku kumachotsa mafuta aja a m'chikopa pang'onopang'ono. Chikopa chimafutukuka ndi kukhwinyata, tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. Ming'alu imayamba choncho.

Funsani dontho la madzi

Tsopano tibwere pa polishi uja. Polishi wa nsapato ndi phula, ngati la kandulo, losakaniza ndi mtundu ndi mankhwala olifewetsa. Sauma n'kukhala kakhungu kolimba. M'galimoto mukatentha amafewa, n'kusamukira pa nsalu ya amene wakhalapo. Choipa kwambiri n'chakuti polishiyo anali atatseka njira ya utoto woyenera umene ndinaitanitsa pambuyo pake. Nditauyesa pakona, unadzikundika m'timadontho ngati mame pa tsamba la kabichi.

Apa pali mphamvu ziwiri zimene zikukokana. Mamolekyu a madzi amakokana okhaokha, ndipo m'buku lanu amati cohesion. Amakokananso ndi mamolekyu a chinthu chimene agwerapo, ndipo iyi ndi adhesion. Kukokana kwa mamolekyu a madzi n'kumene kumachititsa pamwamba pake kukhala ngati pakungidwa, zomwe timazitcha surface tension. Ya madzi ndi pafupifupi 0.072 N/m. Phula ndi mafuta zimakoka madzi mofooka kwambiri, ndiye cohesion imapambana ndipo dontho limadzikulunga. Pamalo oyera adhesion imakula, dontho limaphwa n'kufalikira. Utoto wa mipando ndi wosungunulira m'madzi, choncho umachita zimene dontho la madzi lachita.

Mphamvu zokokana pakati pa mamolekyu zimagwira ntchito pa mtunda waufupi zedi, pafupifupi nanomita imodzi. Ndiye kuti mafuta ochepa kwambiri oti diso silingawaone ndi okwanira kuika mpanda pakati pa utoto ndi mpando. Ndipo pampando wakale mafuta ndi ambirimbiri: thukuta, mafuta odzola, a m'tsitsi pa chotsamira mutu, komanso zowalitsira zokhala ndi silicone zimene ena amapopera potsuka magalimoto. Zonsezi n'kuwonjezapo polishi wanga.

Kutsuka ndiyo ntchito yeniyeni

Kupaka utoto kunanditengera masana awiri okha, koma kutsuka kunadya Loweruka awiri athunthu.

Phula silisungunuka m'madzi. Limasungunuka m'zinthu zofanana nalo, choncho ndinayamba ndi turpentine pang'ono pa kansalu, kupukuta kachigawo kamodzi, kutembenuza kansalu, kupukutanso, mpaka kansalu koyera kanasiya kutuluka ndi bulauni. Kenako ndinatsuka ndi sopo wamadzi ndi burashi yofewa. Molekyu ya sopo ili ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta. Michira imazinga kadontho ka mafuta, mitu imayang'ana kunja, ndipo madzi amanyamula zonse. Sindinakhuthulire madzi pampando, chifukwa akalowa m'ming'alu chikopa chimatupa n'kudzauma chokwinyika.

Pomaliza ndinapukuta ndi isopropyl alcohol. Surface tension yake ndi pafupifupi 0.022 N/m, yosafika gawo limodzi mwa magawo atatu a ya madzi, choncho imalowa m'timakwinya timene madzi amangodumpha, imanyamula mafuta otsalira, n'kuuluka msanga osasiya kanthu.

Pano ndichenjeze ngati mmene ndimachitira mu labu. Turpentine ndi alcohol zimayaka msanga ndipo nthunzi yake si yopuma. Zitseko zonse zikhale zotsegula, mbaula ndi machesi zikhale kutali, m'manja muvale magolovesi. Petulo musamuyese n'komwe. Ndipo musakayambe dala pa galimoto ya bambo anu iwo osadziwa.

Mpando utauma ndinaupala mopepuka ndi sandipepa wosalala, wa nambala 600 mpaka 800. Amisiri omanga amadziwa kuti pulasitala sagwira bwino pa khoma losalala. Timikwingwirima ta sandipepa timachulukitsa malo okhudzana, komanso utoto umalowamo n'kuumira momwemo ngati mizu. Cholinga ndi kuchotsa kuwala kwa kakhungu kakale basi, osati kupala mpaka ulusi wa chikopa uoneke. Ming'alu ikuluikulu ndinaitseka ndi phala lofewa lopangira ntchito imeneyi. Nditadonthezanso madzi, dontho linaphwa n'kufalikira. Apo ndinadziwa kuti mpando wakonzeka.

Pang'onopang'ono, kasanu

Munthu ukakhala pachangu umafuna kupaka kamodzi kokhuthala kuti uthane nazo. Fizikisi imakana pa zifukwa ziwiri.

Choyamba ndi kauma kake. Utotowu ndi madzi okhala ndi timibulu ting'onoting'ono ta pulasitiki ndi ufa wa mtundu. Madzi akamasanduka nthunzi, timibulu timayandikirana, kufinyana, mpaka kulumikizana kukhala kakhungu kamodzi. Koma madzi amauluka kuchokera pamwamba pokha. Mukapaka wokhuthala, pamwamba pamauma n'kutsekera madzi pansi, monga phala limachitira kakhungu pamwamba m'kati likadali lamadzi. Utoto wotere umadzamatuka. Pa chifukwa chomwechi ndinaumitsa pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa lamphamvu.

Chachiwiri ndi kupindika. Pindani pepala la m'kope, silisweka. Pindani katoni yokhuthala mofanana, kunja kwake kumang'ambika. Chinthu chikakhuthala, mbali yakunja imatanuka kwambiri pochipinda, ndipo imafika msanga pa elastic limit ija timaikamba pophunzira lamulo la Hooke. Mpando umapindika nthawi iliyonse munthu akakhalapo. N'chifukwa chake penti ya khoma kapena ya zitsulo siyenera pampando: ndi youma, imasweka. Ine ndinapaka kasanu ndi siponji, kopyapyala, kudikira kuti kuume ndisanabwereze, kenako n'kukutira ndi kakhungu koonekera koteteza.

Bulauni wa usiku si bulauni wa masana

Panalinso msampha wina. Mtundu weniweni wa mpando ndinaupeza kunsi, pomwe chikopa chinapindidwira m'kati ndipo dzuwa silinafikepo zaka zonsezi. Malo amenewa ali ngati control mu experiment: chikopa chomwecho, zaka zomwezo, chosiyana ndi dzuwa lokha.

Ndinasakaniza utoto usiku pa babu la LED mpaka unafanana ndendende ndi wa kunsi kuja. Kutacha, padzuwa, wanga unkaoneka wofiirira kwambiri. Isaac Newton anaonetsa ndi prism cha m'ma 1666 kuti kuwala koyera ndi kosakaniza mitundu yambiri. Chinthu chabulauni chimayamwa kwambiri buluu n'kubweza pang'ono kufiira, olenji ndi chikasu. Koma chingabweze chokhacho chimene chalandira, ndipo babu la LED silipereka mitundu mu mlingo wofanana ndi wa dzuwa. Mitundu iwiri yopangidwa ndi ufa wosiyana ikhoza kufanana pa kuwala kwina n'kusiyana pa kwina. Dzina lake ndi metamerism. Ndinasakanizanso masana, n'kuyesa pamalo obisika, n'kudikira kuti paume ndisanaweruze, poti utoto wonyowa suoneka mmene udzaonekere ukauma.

Mayeso omaliza

Patatha mlungu ndinaupatsa mpando mayeso atatu. Ndinamata selotepi pamalo obisika n'kuimatula mwamphamvu, inatuluka yoyera. Ndinakhula ndi nsalu yoyera youma, kenako yonyowa, osatuluka mtundu. Pomaliza ndinasiya galimoto padzuwa mpaka masana, n'kuyala shati yanga yoyera ya kuntchito, n'kukhalapo. Inatuluka mmene inaloweramo.

Mchemwali wanga anatsika pakhomo la tchalitchi diresi lili mbee. Amalume anasisita mpando n'kunena kuti, "Koma mphwanga, poyamba paja unkafuna kutipha." Za thalauza la khaki zija anali atazimva kale.

Kayeseni nokha

Simufunika galimoto. Tengani mbale yagalasi kapena kalirole wakale, mutsuke ndi sopo, muumitse. Theka limodzi mupake kadontho ka mafuta ophikira n'kupukuta mpaka muone ngati achoka onse. Donthezani madzi mbali zonse ziwiri, muwerame, muyang'ane madontho cham'mbali, mujambule m'kope mmene aliri. Kenako tsukani mbali yamafuta ndi madzi okha n'kuyesanso, n'kudzatsuka ndi sopo n'kuyesa kachitatu.

Funso lopita nalo kunyumba ndi ili: amalume tsopano akufuna mipando yakutsogolo ndiisinthe ikhale yakuda. Galimotoyi imakhala padzuwa tsiku lonse. Kodi ndivomere? Mundiyankhe ndi zifukwa za fizikisi, osati za fashoni.