Galimoto yaliwiro ikamayenda ngati birimankhwe

Sabata yatha ku Kabulonga ndinaona Bentley Continental GT ikukwera hampu mopingasa, pang'onopang'ono ngati birimankhwe, minibasi ikuiimbira huta kumbuyo. Mdzukulu wanga anafunsa kuti, "Agogo, kodi yawonongeka?"

Ine kale ndinkayesa kuti galimoto zoterezi ndi za mpikisano. Ayi ndithu. GT ndi chidule cha mawu a Chitaliyana akuti gran turismo, kutanthauza ulendo wautali. Galimotoyi, imene amaipanga ku Crewe ku England kuyambira 2003, ndi ya anthu awiri ofuna kuchoka ku Lusaka kukafika ku Chipata mwaliwiro, msana osawawa. Mipando yakumbuyo imangokwana ana kapena zikwama.

Nanga bwanji mimba yake ili pafupi ndi nthaka? Taganizirani ngolo: mukasanjikiza matumba a chimanga m'mwamba, pokhota imagubuduka, akakhala m'munsi, imakhazikika. N'chifukwa chake anaifupikitsa, kuti izigwira msewu pamakona.

Koma mahampu ndi maenje a m'dzinja amaipala mimbayo, mafuta imapapira ngati ng'ombe yaludzu, ndipo zipangizo zake n'zoitanitsa kunja. Musanaisirire, yambani mwaona msewu wopita kwanu.