Maliro a Munthu Wojambulidwa

Tiyambe ndi mawu omwe anamveka pa wailesi mu mzinda wa New York, mu Julayi 1945. Anthu onyamula nyuzipepala anali atanyanyala ntchito, ndipo kwa masiku 17 nyuzi sinkafika m'makomo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inali isanathe, komabe chimene ambiri ankadandaula chinali tsamba la makatuni. Wapolisi wofufuza uja, Dick Tracy, zamuthera bwanji? Mfumu ya mzinda, a Fiorello La Guardia, anakhala pa wailesi ya WNYC n'kuyamba kuwerengera ana makatuniwo, akusintha mawu, apa achigawenga, apa amwana wamasiye Annie. Bambo wamkulu, wolamulira mzinda wa anthu mamiliyoni, anaona kuti imeneyi ndi ntchito yoyenera iye.

Katuni ya m'nyuzipepala ndi kanthu kochepa: timabokosi titatu kapena tinayi, mawu owerengeka. Mphamvu yake ili pa kubwera tsiku ndi tsiku. Munthu amene umamuona m'mawa uliwonse kwa zaka khumi sakhalanso mlendo, ndi mnansi.

Ndipo mnansi akamwalira, anthu amalira. Mu 1929, a Sidney Smith, omwe ankajambula The Gumps mu nyuzipepala ya Chicago Tribune, anadwalitsa mtsikana wina wa m'nkhaniyo, Mary Gold, bwenzi lake lili m'ndende pa mlandu womunamizira. Owerenga ankayembekeza kuti achira, poti makatuni ndi oseketsa. Mary anamwalira. Makalata ndi mafoni anasefukira ku ofesi ya nyuzipepalayo, ena olira, ena okalipa, ngati kuti a Smith apha mwana wa munthu.

Zofananazo zinachitikanso mu 1995 kwa mayi a ku Canada, a Lynn Johnston. M'katuni yawo, For Better or For Worse, anthu ankakula ndi kukalamba monga ife. Galu wa banjalo, Farley, anali atakalamba. Anadumphira mumtsinje kupulumutsa kamtsikana April, ndipo atatuluka mtima wake unaima. Owerenga ambiri anakwiya, ngakhalenso mnzawo wa mayiwa, a Charles Schulz ojambula Peanuts, sanakondwe nazo. Ife tikuona kuti mayi Johnston analondola. Galu sakhala zaka makumi atatu, ndipo ana omwe ankawerenga anayenera kuuzidwa zoona.

Koma nkhani imene tikufuna muimvetsetse bwino ndi ya kalata imodzi yokha.

Pa 4 Epulo 1968, a Martin Luther King Jr., omenyera ufulu wa anthu akuda, anaphedwa ku Memphis. Patangopita masiku 11, mphunzitsi wina wa ku Los Angeles, mayi Harriet Glickman, mzungu, analembera a Schulz. Pempho lawo linali lakuti pakati pa anzake a Charlie Brown, mnyamata wa mu Peanuts, pakhale mwana wakuda. Kuyambira 1950 pomwe Peanuts inayamba, panalibe ngakhale mmodzi. Tangoganizani mwana wakuda wa ku America, akutsegula nyuzipepala ya bambo ake m'mawa uliwonse, akuseka nawo ana ojambulidwawo, koma wofanana naye osamuona.

A Schulz anayankha kalatayo, ndipo sananame. Anati amaopa kuti anthu akuda aziona ngati akuwanyengerera ndi chifundo chapamaso. Mayi Glickman sanalekere pomwepo. Anaonetsa yankholo kwa anzawo akuda omwe anali makolo, ndipo mmodzi wa iwo, a Kenneth Kelly, analemba yawo kalata. Malangizo awo anali anzeru: mwanayo asakhale ngwazi kapena mlaliki, angokhala mwana wamba pakati pa ana anzake.

Pa 31 Julayi 1968, kugombe la nyanja, mnyamata wina anatola mpira wa Charlie Brown n'kumubwezera. Dzina lake Franklin. Anacheza, anamanga limodzi kanyumba ka mchenga, ndipo Franklin anatchula kuti bambo ake ali ku nkhondo ku Vietnam. Basi. Panalibe ulaliki uliwonse.

Kanthu kakang'ono choncho kanawawa ena. Mkonzi wina wa kummwera kwa America, komwe tsankho linali litazika mizu, analemba kuti asamaonetse ana akuda ndi azungu ali m'kalasi imodzi. Nawo akuluakulu a kampani yogulitsa katuniyo ku manyuzipepala anayamba kuda nkhawa. A Schulz, munthu wofatsa wosakonda mikangano, anawauza kuti aisindikize momwe aijambulira, apo ayi asiya ntchito.

Anaisindikiza. Franklin anakhala pa desiki yake kutsogolo kwa mtsikana wachizungu Peppermint Patty, ndipo pomwe a Schulz ankamwalira mu Febuluwale 2000, Peanuts inali kutuluka m'manyuzipepala pafupifupi 2,600 m'maiko 75, Franklin ali momwemo.